Kiyibodi ya Kwaya ndi Nyumba ya ku Area 3

A Greenwell Luhanga anali munthu wosaina. Ena Mulungu anawapatsa mawu oimbira, ena manja olimira, koma iwo anawaninkha siginecha: chilembo chachikulu chopindika ngati mchira wa tambala, kenako mzere wautali, kumapeto timadontho tiwiri. Ku Kapito, kulikulu la maofesi a boma, kumene anakwera mpaka kukhala wachiwiri kwa mkulu wa nthambi mu unduna wina, pepala likafika pa desiki yawo silinkagona. Kutchalitchi nako, ikakhala komiti ya ukwati, ya maliro kapena ya denga, anthu sankavutika ndi chisankho. Ankangoyang'ana pathumba la malaya a Luhanga, pamene zolembera zinkandanda tsiku lililonse, n'kuomba m'manja kuti tcheyamani wapezeka.

Tsono zaka zopuma pantchito zinali zitafika pakhomo, ndipo nyumba ya ku Area 10 ija, ya mpanda ndi kapinga, imene ana awo anakuliramo, inali ya boma. Boma likakupatsa kalata yothokoza limakupatsanso tsiku lobweza makiyi. Kwawo ku Rumphi a Luhanga anakumbitsa maziko kalekale, koma ndalama za njerwa zinathera fizi ya ana a abale, ndipo m'mazikomo munali mutamera magwafa obereka kale.

Akazi awo, mayi Hellen, Naphiri wa ku Mpingu, nkhaniyi ankaitenga ngati ndiwo ya tsiku lililonse. Iwo anali ndi sitolo yawo ya soya ndi mtedza cha ku Malangalanga, ku Old Town, ndipo lilime lawo linanoledwa ndi madalaivala a malole.

"Musaonde nazo, bambo a Chitemwa," ankatero akuwathirira tiyi. "Kwathu malo alipo. Amalume akudulirani pafupi ndi khola, muzikawathandiza kutsekulira mbuzi m'mawa."

A Luhanga tiyi ankawatsamwa. Iwo, munthu amene anakakamiza akuchikazi kulandira ng'ombe zimene sanapemphe n'komwe, kuti pasadzakhale wonena kuti mkazi anamutenga ulele, akathere pachikamwini? Ankaziona m'maso: anzawo a ku Kapito atabwera kudzawazonda, n'kuwapeza atavala magambutsi akuthamangitsa tonde. Chinthu chimenechi ankachiopa kuposa shuga ndi BP.

Mwamwayi kunapezeka nyumba ku Area 3, yakale koma yolimba, mawindo ake achitsulo. Mwini wake, a Paxton, nkhalamba imene inkasamukira kwa ana ake ku Blantyre, anati adikira mpaka mvula yoyamba basi, chifukwa ogula ena analipo. A Luhanga anasonkhanitsa zonse zimene anasunga kuti zikhale dipoziti, zotsalazo akabwereke kubanki.

"Bwanji tikalembetse tonse awiri?" anafunsa mayi Hellen. "Banki imeneyo imandidziwa. Mwinanso ingafulumire."

"Naphiri, ndalama za mtedza n'zogulira ndiwo. Nyumba amagula ndi mwamuna."

Mayi Hellen anangoti, "Chabwino, bambo," n'kupitiriza kupaka majarini pa buledi.

Tsiku lokamva yankho a Luhanga anavala suti yotuwa ndi kupita kubanki ku City Centre. Woona za ngongole za nyumba kumeneko anali Mwawi, mwana wa mnzawo wa kumudzi, ndipo kalata yomuchitira umboni pofuna ntchitoyo anasaina ndi iwo omwe. Choncho analowa mu ofesimo ngati akulowa kukhitchini kwawo.

"Monile, adada," Mwawi anaimirira n'kuwalandira ndi manja awiri.

"Yewo, mwana wanga. Ndisaine pati?"

Mwawi sanaseke. Anatseka chitseko, anakhala pansi, anakonza mapepala amene anali okonzeka kale.

"Adada, fayilo yanu ndi yabwino. Salale ili bwino, dipoziti ilipo. Koma tisanapereke mogeji timayamba tafunsa ku ofesi imene imasunga mbiri ya anthu onse obwereka. Dzina lanu latuluka kuti muli ndi ngongole imene simunabweze."

"Ine?" A Luhanga anaseka mokweza. "Ameneyo ndi Luhanga wina. Kwathu a Luhanga ndife mudzi wathunthu, ndipo ena mwa ife, kunena zoona, ndi anthu ovuta."

Mwawi anatembenuza kompyuta kuti aone okha. Dzina linali lawo, tsiku lobadwa lawo, nambala ya ntchito yawo. Anavala magalasi, anawavula, anawavalanso.

"Ndi sitolo ya zipangizo zamagetsi ku Old Town," anatero Mwawi motsitsa mawu. "Akuti munatenga kiyibodi."

"Kiyibodi? Ine ndi kiyibodi? Ngakhale mluzu sinditha kuimba!"

Mawuwo asanathe n'komwe, anadzidukiza okha. Anakumbuka. Mlandu suola.

Zinachitika kale, ana awo akadali ku pulayimale. Kwaya ya kutchalitchi kwawo inatopa ndi kuimba ndi pakamwa pokha, ndiye inagwirizana zogula kiyibodi yolipira pang'onopang'ono. A sitolo anati akufuna munthu mmodzi wapantchito yodziwika woti asaine. Maso onse anapita pathumba lija. A Luhanga, amene sanali wakwaya n'komwe koma mlangizi wake chabe, anasaina ataimirira, akucheza ndi munthu wina za mpira.

Miyezi yoyamba akwaya ankasonkha bwinobwino. Kenaka woimbitsa kwaya, a Maynard, anatulukira kabatani kena kamene ukakadina kiyibodi imaimba yokha ng'oma. Lamulungu limenelo achinyamata anavina mpaka thukuta, koma akuluakulu a mpingo anati tchalitchi chasanduka bala. Kwaya inagawikana pakati, a ng'oma ndi okana ng'oma, ndipo gulu lililonse linati lisonkhe ndi linalo. Mkanganowo unazirala wokha monga imachitira mikangano ya kutchalitchi, kiyibodi n'kupitiriza kuimba pa maukwati ndi pamaliro, koma zosonkha zija palibe anazikumbukiranso. Makalata a sitolo ankapita ku bokosi la nthambi ina imene a Luhanga anachokako kalekale.

"Mukalipire, akakupatseni kalata yoti mwamaliza," anatero Mwawi. "Mukabwera nayo ndikayesa kukuyankhulirani ku komiti."

Kunyumba a Luhanga anangoti banki ikuchedwa ndi mapepala. M'mawa mwake anaimika galimoto kutali, kuti asaonedwe ndi akazi awo, n'kudutsa wapansi pakati pa maminibasi ndi oitanira. Sitolo ija inalipobe. Pa kauntala panali mayi wina wachikulire wa mpango wakuda, dzina lake Kulusumu, amene atangomva dzina lawo nkhope inawala.

"Ndinu a Luhanga? A Luhanga enieniwo? Khalani pansi, bambo, takulandirani! Ife dzina lanu timalidziwa ngati la m'bale wathu. Bwana akafuna kukaniza munthu ngongole amangotchula inu. Mwatithandiza kwambiri pa sitolo pano."

Analemba kanthu pa kapepala n'kuwapatsira. A Luhanga ataona, anamvetsa chifukwa chake anayamba apatsidwa mpando. Ngongole ija inali itabereka ana ndi zidzukulu. Ndalama zawo zonse zinali zitamangidwa kale ku dipoziti, ndipo kukagwada kwa Naphiri, atanena zija za mtedza, kunali kosatheka. Anatuluka n'kulunjika kwa a Maynard, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina mumsewu womwewo.

Anawapeza ali ndi tepi m'khosi, mapini pakamwa. Kiyibodi inali pomwepo, kuseri kwa makina, itafundidwa chitenje, chifukwa madzulo ake inali ndi pulakatisi ya ukwati.

"A Maynard, chinthu ichi chandiphera nyumba."

A Maynard analavulira mapini m'dzanja, namvetsera nkhani yonse akupukusa mutu mwachisoni.

"Pepani kwambiri, atcheya. Koma kiyibodi imeneyi si yanga, si yanu. Ndi ya Mulungu."

"Mulungu sanasaine, a Maynard. Ndinasaina ndine."

"Zoona, zoona." A Maynard anavundukula chitenje. Mano angapo a kiyibodiyo anali ataguluka, ena atamatidwa ndi selotepi, ndipo waya wake anali wa ayironi. "Tikati tibweze kusitolo, atimangitsa. Tikati tigulitse, ogula ndi a zitsulo zakutha. Koma mutu umodzi susenza denga, atcheya. Tichite pepa Sande."

Pepa Sande ndi Lamulungu lija anthu amapereka ndalama zamapepala zokhazokha, akuvina kupita kutsogolo gulu ndi gulu monga aitanidwira. A Luhanga anali atatsogolera zambiri zoterezi, za denga, za galimoto ya abusa, za mpanda. Koma pepa Sande yowombola munthu kubanki anali asanaimvepo.

"Pokhapokha dzina langa lisatchulidwe," anatero atagwira a Maynard pamkono. "Mungonena kuti kwaya ili ndi chosowa. Mwamva? Chosowa basi."

"Atcheya, ine ndi telala. Ndimadziwa miyezo ya mimba za anthu onse a mumpingo, koma munamvapo ndikuulula?"

Lamulungu lake tchalitchi chinadzaza. Ulaliki utatha, a Maynard anaika kiyibodi patebulo kutsogolo, pambali pake beseni lalikulu, natenga maikolofoni. A Luhanga anakhala pa benchi yawo ya nthawi zonse, mayi Hellen ali chapatali kumbali ya amayi.

"Abale ndi alongo," anayamba a Maynard, "kwaya ili ndi chosowa."

A Luhanga anapuma bwino.

"Chosowa chake n'chakuti pakati pathu pano pali munthu amene dzina lake laipa m'mabanki onse a m'dziko muno chifukwa cha ife. Munthu ameneyu akufuna kugula nyumba, koma akumukaniza ngati wakuba. Anandipempha kuti ndisamutchule dzina, ndipo sindimutchula. Ndingoti ndi tcheyamani wathu, wakhala apoyo, wavala suti yotuwa."

Mitu yonse inatembenuka nthawi imodzi. A Luhanga analakalaka simenti itang'ambika kuti alowe. Anatsegula buku la nyimbo n'kuyamba kuliwerenga mwachidwi, osaona kuti aligwira chadodolido. Kumbali ya amayi sanayerekeze kuyang'anako.

A Maynard anafotokoza zonse, za sitolo, za ng'oma, za kusonkha kumene kunafera m'njira, mpaka za mvula yoyamba ya a Paxton. Kenako anadina kabatani kaja, ng'oma n'kuyamba.

"Tiyambe ndi onse amene munalowa m'banja kiyibodi iyi ikulira! Ngati banjalo likukoma, bwerani mudzathokoze. Ngati likuwawa, bweranibe, kiyibodi sinakusankhireni!"

Anthu anaseka n'kudzuka. Anadzuka ambiri kuposa mmene a Luhanga ankaganizira: mabanja a imvi, mabanja a makanda kumsana, wina akukoka mwamuna wake pa jekete. Anavina mpaka kubeseni.

"Tsopano onse amene munati tchalitchi chasanduka bala! Tikukudziwani, musayang'ane kudenga!"

Akuluakulu a mpingo anayang'anana. Woyamba kudzuka anali mkulu wina wa ndodo, amene masiku amenewo analumbira kuti ng'omazo zikadzalirabe iye adzasamuka mpingo. Anapita kutsogolo mwaulemu wake wonse, koma phewa lakumanzere linkamupandukira, likugwedezeka lokha motsatira ng'oma. Amayi analulutira.

"Onse amene a Luhanga anakusainiranipo kanthu! Kalata ya ntchito, fomu ya sukulu, pasipoti, chikalata cha bokosi!"

Apa ndiye mabenchi anatsala okhaokha. Ngakhale abusa anatsika paguwa akupisa m'thumba. Pomwe a Luhanga anakweza maso, anaona Mwawi wa kubanki uja ali pamzere, akuvina mwamanyazi, akupewa kuyang'ana kumene iwo anakhala.

Kenaka a Maynard anazimitsa ng'oma, nayamba nyimbo yapansipansi, ija amaimba potulutsa maliro m'tchalitchi. Sanaitane gulu lililonse. Anthu anadzuka okha, mmodzimmodzi, osavina. Gogo wina wamasiye, mayi Agness, sanapite kubeseni. Anabwera pa benchi ya a Luhanga, anamasula mfundo ya pachitenje, nawafumbatitsa kandalama kopindapinda.

"Inaimbira amuna anga bwino kwambiri," anatero. "Sindinkadziwa kuti inali pamsana panu."

Manyazi anali akadalipo, koma tsopano anasakanikirana ndi chinthu china chimene chinawatentha m'maso. Zaka zonsezi ankaganiza kuti anthu amawakonda chifukwa cha cholembera. Anatulutsa kampango n'kunamizira chimfine.

"Pomaliza," anakuwa a Maynard atabwezeretsa ng'oma, "mwini wake wa munthuyu!"

Mayi Hellen anadzuka mosafulumira, anamanga chitenje bwinobwino, natulutsa mpukutu wa ndalama zing'onozing'ono zosinthitsa kale. Anavina kuchokera kumbuyo, akuponya imodziimodzi, kuti ulendo utalike. Atafika pa benchi ya amuna awo anaima, anavina pomwepo mpingo wonse ukuombera m'manja, nawerama ngati akuwakonza tayi.

"Ndinamva tsiku lomwelo," ananong'ona. "Kulusumu amagula mtedza kwa ine. Akuti banki ikuchedwa ndi mapepala!"

Ndalama zinakwana, zinatsalako pang'ono. Akwaya ataona zotsalazo anayamba kunong'onezana kuti kiyibodi yakalamba, bwanji zikhale poyambira yatsopano, yolipira pang'onopang'ono, kungopeza munthu mmodzi wosaina. A Luhanga anaphimba thumba la malaya ndi dzanja n'kutuluka chambuyo mpaka kugalimoto.

Mkati mwa sabata anakalipira. Mayi Kulusumu anawapatsa kalata ija akudandaula kuti bwana asowa womutchula. Kubanki anapita ndi mayi Hellen, poti chobisa panalibenso, ndipo kumwamba kunali kutayamba kuchita mitambo. Mwawi anatenga kalatayo, analowa nayo kwa akuluakulu ake, nakhalako nthawi yaitali. Potuluka nkhope yake inali ija ya tsiku loyamba.

"Adada, ndayesetsa. Mbiri yanu tsopano ikusonyeza kuti munalipira, koma ikusonyezanso kuti munalipira mochedwa kwambiri. Dzina siliyera tsiku limodzi. Komiti ikuti iyambe yaona kaye kwa kanthawi, mwina chaka chamawa. Ndiye poti mwatsala pang'ono kupuma..." Anatembenukira kwa mayi Hellen. "Koma njira ina ilipo. Amama akaunti yawo ndi yamphamvu, ndipo amabwereka ndi kubweza chaka ndi chaka nthawi yogula mbewu. Iwo atha kupatsidwa. Kungoti ngongole ndi nyumba zikhala m'dzina lawo. Inu mungosaina kuti mwavomereza."

A Luhanga anaimirira, anamanga batani la jekete, anati, "Yewo, mwana wanga," n'kutuluka. Mayi Hellen anawapeza m'galimoto, atagwira chiwongolero ndi manja awiri, injini osaliza.

"Ndiye ndathawa chikamwini cha ku Mpingu kuti ndikachite chikamwini pakati pa Area 3," anatero osawayang'ana. "Mpingo wonse wavina, dziko lonse lamva. Mawa azidzati, nyumba ija anavinira ija ndi ya akazi ake. Ayi, Naphiri. Tidikira chaka chamawa. Nyumba zilipo zambiri. Zikavuta ndikatsekulira mbuzi za amalume anuwo, kusiyana n'kuti ndizisekedwa m'tauni muno."

Anayembekezera yankho lakuthwa, monga mwa masiku onse. Silinabwere. Mayi Hellen ankangoyang'ana alonda a pageti, chikwama chili pamiyendo.

"Kwathu kulibe malo, bambo a Chitemwa."

"Mwati bwanji?"

"Amalume anagulitsa kalekale kwa anthu a m'tauni. Pamene panali khola pali mpanda wa njerwa wa munthu amene sindimudziwa. Ndinkangonena kuti muchite mantha, mufulumire."

A Luhanga anasiya chiwongolero.

"Inu mukuopa kusekedwa," anapitiriza mayi Hellen, mawu ali pansi. "Ine mukudziwa chimene ndimaopa? Mukukumbukira chaka chimene anamwalira bambo a Lexon, a nyumba yoyandikana nafe ija? Inu munayendetsa zonse, munaperekeza maliro kumudzi, munabwerako, nkhani inatha. Amene anathandiza amake Lexon kukulunga mbale m'manyuzipepala ndine. Boma litafuna nyumba yake, lole inaima pageti, dalaivala akuliza hutala, iwo asakudziwa koti amuuze kuti apite. Kwa amuna awo kunalibe nyumba. Kwawo anachokako ali mtsikana. Kuyambira tsiku limenelo, inu mukangotsokomola kawiri, ine ndimamva hutala ija. Ndakhala mlendo wa boma ukwati wanga wonse, bambo. Dzina likhale lanu, likhale langa, likhale la galu, ine ndilibe nazo kanthu. Ndikungofuna khomo loti wina asadzandiuze tsiku lotulukira."

Chisoni chinawagwira a Luhanga, ndi manyazi a mtundu wina, oposa a kutchalitchi aja. Anali atathandiza anthu a mpingo wonse, koma mantha a munthu amene ankagona naye chipinda chimodzi sanawaonepo. Ankamva nthabwala za mbuzi zokhazo, n'kumakwiya nazo. Anatsika, anazungulira galimoto, nawatsekulira akazi awo chitseko, chinthu chimene anachichita komaliza tsiku la ukwati.

Mwawi atawaona akubwerera anawalozera mipando. Anatulutsa mafomu atsopano. Mayi Hellen analemba dzina lawo pamwamba, mosathamanga, ndipo a Luhanga anasonyezedwa kamzere kawo pansi penipeni pa tsamba lomaliza. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anawerenga pepala lonse asanasaine, mpaka Mwawi anawabweretsera madzi akumwa.

Banki inatenga masabata ake, inafunsa izi ndi izo za sitolo ya mtedza, inatuma anthu kukaona nyumba. Yankho linatuluka mvula itagwa kale kamodzi, koma a Paxton anati imeneyo inali yongotsitsa fumbi, siiwerengedwa.

Tsiku lolandira nyumba anapita awiriwiri masana. A Paxton anali pakhonde ndi zikwama zawo, akudikira galimoto ya mwana wawo. Mwachizolowezi anapereka makiyi kwa mwamuna, nawagwira chanza.

"Muisamale, achimwene. Pampopi wakuseri pamafuna kumumvetsa."

"Eni ake ndi awa," anatero a Luhanga. Mawuwo anatuluka mosavuta kuposa mmene ankaopera. Anapereka makiyiwo kwa akazi awo ndi manja awiri.

Mayi Hellen anapita pachitseko. Analowetsa kiyi, inakana. Anayesa ina, inagwa pansi. Mayi amene ankakalipira madalaivala a malole mpaka kupepesa, amene anaika mayi awo m'manda maso ali gwa, lero anali kulephera kutsekula chitseko.

"Tsekulani ndinu," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ine sindikuona bwino."

A Luhanga anatola makiyi, anatsekula, nakankha chitseko, koma sanalowe. Anapatuka kuti akazi awo adutse. Mayi Hellen analowa okha, anaima pakati pa balaza lopanda kanthu, akuyang'ana makoma, denga, mawindo. Anagwira khoma ndi chikhatho n'kukhala choncho kanthawi. Atatembenuka anapeza amuna awo akadali panja pakhonde, atavula chipewa.

"Nanga mwaimiranji pamenepo?"

A Luhanga anakonza kukhosi, naomba m'manja mwaulemu.

"Odi kuno!"

Mayi Hellen anaseka misozi ikutsika, mpaka anatsamira khoma.

"Lowani, bambo a Chitemwa," anatero. "Lowani, mwafika. Koma mupukute nsapatozo."